Mizere iwiri kapena nkhani yonse? Mkangano wanga ndi alamu anga

Alamu anga aakazi amagulitsa zitenje ndi nsapato za ana, katundu amakapikula ku msika wa Taifa mu Mzuzu muno, koma shopu yawo yeniyeni ndi sitetasi ya pa WhatsApp. Mmamawa akangomaliza kusesa amayala zitenje pabedi, kutsegula katani kuti kuwala kulowe bwinobwino, kujambula chimodzichimodzi, kenako pansi pa chithunzi timawu titatu basi, mtengo, ndi kuti zatsala zingati. Ikamakwana 10 koloko wina wa ku Luwinga watumiza kale ndalama pa Mpamba, wina wa ku Katoto akufunsa ngati chobiriwira chija chikadalipo, mnyamata wa kabaza wayima pageti akudikira jumbo. Nde munthu ngati ameneyu akakuuza kuti zolemba nkhani zitalizitali pa blog, tsamba lakolako la pa intaneti loikapo zolemba zako, nzongotayitsa nthawi sungamutsutse mwachibwana ayi, chifukwa iyeyo ndi timawu take tochepato ana akupita ku sukulu fizi yolipira.

Amandiuza mosabisa. "Alamu, inu mumachezera usiku wonse kulemba chinkhani chonsecho, akuwerenga ndani? Anthu alibe bandulo. Olo akhale nayo, munthu waweruka watopa, akhale pansi aziwerenga ndime 15? Lembani mizere iwiri anthu amve, basi." Ine ndimati alamu mukunena zoona koma sizonse, iwo amati zotsalazo nzanu anthu a sukulu. Takhala tikukangana chonchi kwa nthawi ndithu, ndipo pano ndafuna ndiyale maganizo anga onse malo amodzi, chifukwa pakamwa amandiposa liwiro, ndisanamalize mfundo amakhala andidula kale.

Zolemba mwachidulezi, zomwe amati microblogging, zinatchuka ndi Twitter yomwe inayamba mu 2006. Nthawi imeneyo umaloledwa zilembo 140 zokha, ndipo nambalayi sanangoilota, meseji ya SMS ija imalowa zilembo 160, nde iwo anasiya 20 za dzina la wolemba, zotsalazo za uthenga. Mu 2017 anawonjezera zinafika 280. Elon Musk atagula kampaniyo mu 2022 anadzaisintha dzina mu 2023 nkukhala X, chaka chomwechonso eni ake a Facebook anatulutsa yawo, Threads, ya zilembo 500. Ma blog ndi akale kuposa pamenepo, Blogger inayamba mu 1999, WordPress mu 2003. Koma kuno kwathu a pa X ndi ochepa, ukalowapo umapeza atolankhani, maloya, ana a ku koleji ndi abale athu ali kunja. Kwa mayi wa ku Chibavi kapena mnyamata wa ku Chiputula kulemba mwachidule ndi sitetasi ija imafufutika yokha pakatha maola 24, ndi kapositi ka pa Facebook ka mizere iwiri. Ndipo chifukwa chake si ulesi monga ena amanenera, ndi thumba. Airtel ndi TNM onse amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha, otsikirako mtengo kusiyana ndi bandulo yotsegula intaneti yonse, nde iwe ukaponya linki ya blog pagulupu anthu ambiri akadina imangozungulira osatseguka, amabwerera nkulemba kuti "tiuzeni pompano, muli chani mmenemo?" Apa alamu anga amawina ndithu, sindikana.

Ndipo pali masiku ena oti mizere iwiri inagwira ntchito yomwe nkhani yaitali siikanatha. Amene tinali mu Mzuzu muno pa 20 July 2011 sitidzaiwala. A MACRA analetsa mawayilesi kuulutsa zionetsero zija pompopompo, nde nkhani zinkayenda ndi ma SMS, ndi anthu ochepa aja anali ndi timafoni totsegula Facebook ndi Twitter, wina kulemba kuti musadutse msewu wakuti, wina kuti utsi wokhetsa misozi wafika pakuti, wina kufunsa ngati pali amene wamuona mchimwene wake. Dziko lonse anthu pafupifupi 20 anafa, ndipo kuno ku Mzuzu ndi komwe kunafa ambiri, ena mwa iwo akugona ku manda a ku Zolozolo. Tsiku ngati limenelo palibe amene akanakhala pansi kumasanja ndime, umalemba ukuthamanga, chala chikunjenjemera.

Chimodzimodzi mu January 2021, Covid itavuta zedi mpaka nduna ziwiri kumwalira tsiku limodzi. Bambo wina ali gone pachipatala china ku Lilongwe analemba pa Facebook mawu ochepa chabe, kupempha thandizo kuti kachipangizo kolumikizira mpweya wa oxygen kalibepo. Iye sanachire, koma mawu ake aja anayenda dziko lonse, a Onjezani Kenani nkuyambitsa zosonkha ndalama pa Facebook pomwepo, anthu wamba kuno ndi kunja anaponya kangachepe mpaka zipangizo zinagulidwa nkufika mzipatala. Munthu wobanika sangalembe nkhani yaitali. Nde ine aliyense wonena kuti timapositi tatifupi nzachibwana, zopanda phindu, sindigwirizana naye olo pang'ono.

Pomwe ndimasiyana ndi alamu anga ndi apa. Iwo amaona ngati poti chachidule chimayenda msanga nde kuti chakwanira. Ine ndimaona kuti chimakuuza kuti kwachitika chinthu, koma sichikuuza kuti chachitika bwanji ndipo chifukwa chake nchani, komanso mawa ukachifuna suchipeza.

Taganizani za pa 10 June 2024. Ndege ija inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 imayenera kutera pabwalo lathu lomweli la Mzuzu, kunja kunali chifunga, siinatere, ndipo inakapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa onse atatisiya. Usiku umenewo mafoni sanagone. Magulupu onse, la tchalitchi, la banki mkhonde, la anzathu a ku sekondale, aliyense akuponya chake, wina akuti yapezeka onse ali bwino, wina akuti yatera dziko lina, wina akutumiza chithunzi cha ngozi yakalekale ya kwina nkumati ndi imeneyi. Anthu amenewa sanali oyipa mtima, anali ndi mantha ndi chisoni ngati tonsefe, koma kasitetasi sikakufunsa kuti wamva kwa ndani, kamangokulola. Patapita miyezi kunatuluka malipoti, la akatswiri a ku Germany ndi la komiti yofufuza yomwe boma linakhazikitsa, masamba ambirimbiri. Kaya munthu ukugwirizana nazo zomwe analembamo kaya ukuzikayikira, ndi ufulu wako, ndipo mafunso anthu akadali nawo, koma kuti uwatsutse malipoti amenewo kapena uwavomere moona mtima ukuyenera unene kuti patsamba lakuti anena chakuti, koma chikusemphana ndi chakuti. Zimenezo pa mizere iwiri sizikwana. Pa mizere iwiri pamakwana mkwiyo wokha, nde timangotukwanizana, uyu wa chipani chakuti, uyu wadya ndalama, nkhani yeniyeni ili pambali.

Pa 3 February 2020 zinalinso choncho, majaji asanu aja atagamula mlandu wa chisankho cha 2019. Chigamulo chinali cha masamba pafupifupi 500, anawerenga kuyambira mmawa mpaka kunja kuda. Pa sitetasi tonse tinangolemba kuti chisankho chafafanizidwa, ena ndi chimwemwe ena ndi ukali. Koma zoti 50+1 ndi chani, anaitenga pati m'malamulo, chifukwa chani anati chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150, ine ndinadzazimvetsa nditawerenga anthu omwe anakhala pansi nkulemba mofatsa, ndime ndi ndime, ena pa ma blog awo ena m'nyuzipepala. Popita kukavota pa 23 June chaka chomwecho ndinkadziwa chomwe chasintha chifukwa cha anthu amenewo.

Mphwanga amene akuphunzira ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, ali ndi mbali yakeyake, iye sali kwa ine sali kwa alamu. Amati "achimwene, vuto lanu mukukakamira nyumba yakale. Mukufuna kulemba zazitali? Lembani pa Facebook pomwepo, palibe akukuletsani, kapena pa X muzilumikiza timapositi tambiri motsatana, anthu ali kale pamenepo, bwanji mukufuna muziwakokera kwina?" Mfundo yake ndi yamphamvu ndipo aMalawi ambiri olemba bwino akuchitadi zimenezo, nkhani zazitali zokoma zili pa Facebook, makomenti mazanamazana pansi pake, pomwe pa blog ukapeza makomenti atatu umathokoza.

Koma ndinamufunsa kuti aise, positi ija unaikonda chaka chatha, ya munthu uja anafotokoza bwino za mmene ngongole ya ophunzira imayendera, tandipezere pano. Anayamba kutsitsa, kutsitsa, dzina la wolemba waliiwala, mawu osakira sakubweretsa kanthu, mpaka anangoti ndikaipeza ndikutumizirani. Ndi mmene malo amenewa anapangidwira, amafuna uziona chatsopano nthawi zonse chifukwa ndalama zawo zimachokera ku zotsatsa malonda zomwe umadutsamo ukamatsitsa, chadzulo kwa iwo chatha ntchito. Ndiponso amene amasankha kuti positi yako ionekere kwa ndani si iwe, ndi makina awo, ndipo makinawo amakankhira patsogolo chomwe anthu akuchiyankha kwambiri, nde mwaonapo nokha kuti chomwe anthu amachiyankha kwambiri ndi mkangano ndi zonyozana, osati nkhani yofatsa ya mmene ungasamalire nthochi kuti zisagwidwe matenda. Kuwonjezera apo akaunti ikabedwa kapena kutsekedwa, ndipo tonse tikudziwa wina amene zinamuchitikira, zaka zonse zomwe unalemba zapita, ukadandaule kwa ndani, ofesi yawo ili ku America.

Tsopano chomwe chimandiwawa kwenikweni, chomwe chimandipangitsa kuti ndisasiye, ndi ichi. Tsegulani Google mulembe Mzuzu, muwerenge nkhani zomwe anthu analemba za mzinda uno. Mukachotsa za m'nyuzipepala, zambiri ndi ma blog a alendo odutsa, azungu a zikwama kumsana omwe amapita ku Nkhata Bay, ku Livingstonia kapena ku Nyika. Kwa iwo Mzuzu unali malo otapira ndalama pa ATM, kugula zinthu mu Shoprite, kumwa khofi, kugona usiku umodzi nkukwera minibasi mmamawa. Sindikuwada ayi, analemba zomwe anaona, ndipo ena analemba mwaulemu ndithu. Koma iwo anakhala masiku awiri nkulemba pamalo poti Google imapaona, ife tabadwira muno, takulira muno, tikulemba tsiku ndi tsiku kuposa iwo kutalitali, koma tikulembera mu WhatsApp momwe Google singalowe, ndi pa sitetasi yomwe mawa kulibe. Nde mwana wa ku Mchengautuwa akadzafuna kudziwa za kwawo zaka 20 zikubwerazi adzawerenga za mlendo.

Chonsecho nkhani tili nazo zambiri. Mzinda uno unayambira pa esiteti ya tung, mitengo yomwe mbewu zake amafinyamo mafuta, yomwe inatsegulidwa cha m'ma 1947, unadzapatsidwa ulemu wokhala mzinda mu 1985, ndipo alipo agogo m'makomboni mwathumu omwe anaona zonsezi ndi maso, akudziwa pomwe panali nkhalango pomwe pano pali nyumba, akudziwa mmene Lunyangwa ankaonekera damu lisanamangidwe, akudziwa kuti njinga zonyamula anthu zija tinkazitcha Sacramento zinayamba bwanji. Ndani akulemba? Akamwalira timaika chithunzi chawo pa sitetasi ndi mawu oti muuse mumtendere agogo, maola 24 akatha chithunzi chachoka, ndipo zonse zinali m'mutu mwawo zapita nawo kumanda. Mu December 2015 laibulale ya ku Mzuni inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi, mzinda wonse tinadandaula ndipo kunali koyenera kudandaula. Koma zomwe tikutaya mwakachetechete m'mafoni otayika, obedwa, ogwera m'madzi, ofufutidwa chifukwa memori yadzadza, palibe amene akuziwerengera.

Ndikupatseni chitsanzo chapafupi. Mu April 2016 kunagwa chimvula chija chosalekeza, nyumba zambiri zinagwa m'madera ngati Masasa komwe anthu anamanga m'malo otsetsereka, ndipo miyoyo inatayika. Pagulupu la tchalitchi chathu pali bambo ena achikulire, amisiri omanga nyumba kuyambira kalekale, ndipo nyengo ina ya mvula itayandikira anatumiza mavoisinoti angapo kufotokoza mmene munthu ungamangire pamtunda kuti nyumba isakugwere. Anafotokoza bwino zedi, mosakaniza Chichewa ndi Chitumbuka monga amayankhulira. Anthu anayankha ndi timanja towomba tija, ena "zikomo adada", kenako wina anaponya za maliro, wina za msonkhano wa kwaya, wina vesi la tsikulo, pofika madzulo mawu a bambo aja anali atakwiririka pansi pa mauthenga ena ambirimbiri. Patapita nthawi mnzanga wina atagula puloti kumtunda anandifunsa za mavoisinoti aja, tinafunsa gulupu lonse, palibe olo mmodzi anali nawo, ena anasintha foni, ena anafufuta.

Nde ndinapita kwawo ndi kope. Tinakhala pakhonde, iwo atavala chijuzi chawo cha nthawi yozizira, akujambula pansi ndi kamtengo. Anati choyamba usamange usanaone komwe madzi amadutsa mvula ikamagwa, pita pa pulotipo tsiku la mvula uime uone. Anati kumtunda kwa nyumba kumba ngalande yopatutsa madzi kuti azidutsa m'mbali, osati azibwera kudzamenya khoma. Anati anthu ambiri akamasalaza malo amadula phiri chiriri ngati khoma nkumanga nyumba moyandikana nalo, dothi lija likakhuta madzi limangotsika lonse nkukankha nyumba, nde uzidula mopendeketsa kapena mwa masitepe, usiye mpata, ubzale udzu wa vetiva kuti mizu igwire dothi. Anati maziko okha usaumire, njerwa zootcha ndi simenti, olo kumtundaku umangire dothi poti ndalama zavuta, ndipo denga lituluke ndithu kuti mvula isamamenye khoma. "Mwana wanga," anatero akufufuta chojambula chija ndi phazi, "nyumba siigwa tsiku la mvula, imayamba kugwa tsiku lomwe unakumba maziko." Ndinalemba zonsezo, ndinakawawerengera kuti akonze pomwe ndinamva molakwika, nkuziika pa blog. Siinawerengedwe ndi chikhamu cha anthu ayi. Koma ilipo, ili ndi adiresi yake, mvula ikayandikira ndimangotenga linki nkutumiza, ndipo munthu woti sindimudziwa akalemba pa Google za kumanga pamalo otsetsereka atha kuipeza. Sitetasi ili ngati chimanga chootcha cha pamsewu, nchokoma, chotentha, umadya pomwepo njala nkutha, koma munthu sungathe chaka ndi chootcha, pamafunikanso china cholowa m'nkhokwe.

Ndipo musaiwale kuti nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata uja anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga, inatuluka m'nyuzipepala ya kuno mu 2006, koma amene anaifikitsa kutali anali anthu a ma blog omwe anailembanso nkumapatsirana, mpaka amene ankakonza msonkhano wa TED, wa anthu a nzeru zatsopano ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ku Arusha ku Tanzania mu 2007 anaiona nkumuitana. Inakhala pamalo poti munthu wa dziko lina atha kuipeza patapita masabata, miyezi. Ikanakhala ya maola 24 sindikhulupirira kuti bwenzi tikumudziwa chonchi.

Palinso china chomwe kulemba zazitali kumachita kwa wolemba mwiniwakeyo, osati owerenga okha. Ukakwiya nkutenga foni, mizere iwiri imatuluka mtima usanazizire, wadina kale, wina wajambula kale sikirinishoti, olo ufufute zapita. Tili ndi lamulo la 2016 lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu angapo amangidwapo chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook kapena kutumiza pa WhatsApp. Ine zomanga munthu chifukwa wadzudzula atsogoleri sindigwirizana nazo, ndipo lamulolo limakhudza wa blog yemwe, silisankha. Koma pambali pa za apolisi, maubale angati atha m'mabanja mwathu chifukwa cha kasitetasi kolasa, kopanda dzina koma aliyense akudziwa kuti akunena uje? Ukamalemba nkhani yaitali umafika ndime yachitatu nkupeza kuti mfundo yako ili ndi bowo, umayenera ukafunse kaye, ukawerenge kaye, pena umapeza kuti munthu umafuna kumudzudzula uja ali ndi chifukwa chake. Ine nkhani zingapo zinathera mu foni osatuluka chifukwa pozilemba ndinaona kuti zomwe ndinali nazo ndi mphekesera chabe. Kulemba kwa mtundu umenewu kumakuchedwetsa, ndipo kuchedwa kumeneko ndimakuona kuti nkwabwino.

Sindikufuna ndiziyankhula ngati blog ndi kumwamba. Mavuto ake ndi oona. Ukafuna dzina lakolako pa intaneti ndi malo osungira umalipira m'madola chaka ndi chaka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo unangokwera usiku umodzi, kuwonjezera apo kupeza njira yolipirira kunja ndi ntchito ina payokha. Ma blog ambiri a aMalawi omwe ndinkawerenga kale pano ukatsegula umapeza tsamba loti dzinali likugulitsidwa, ena anangosiyidwa, nkhani yomaliza ya zaka 10 zapitazo. Google Reader, yomwe inkatisonkhanitsira nkhani zatsopano za ma blog onse malo amodzi, anaitseka mu 2013, ndipo kuchokera pamenepo owerenga ambiri anasamukira ku Facebook osabwereranso. Aulere aja, Blogger ndi WordPress.com, nawonso ndi a eni ake, Blogger ndi ya Google kuyambira 2003, atafuna kutseka atha kutseka. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko nkhani zako zonse utha kuzikopera mu fayilo imodzi nkusamuka nazo kukaziika kwina zili zosanjika bwinobwino, ndiponso a Internet Archive amasunga masamba ambiri otseguka, moti olo blog itafa pena umakaipeza kumeneko. Za mu gulupu la WhatsApp palibe amene angakusungire.

Komanso tivomereze, si aliyense ali ndi mphatso kapena nthawi yolemba zazitali, ndipo utali pawokha si nzeru. Alipo olemba ndime 20 zopanda kanthu, kuzungulirazungulira ngati akufuna kudzaza pepala la mayeso, pomwe wina ndi chiganizo chimodzi wamenya penipeni. Makolo athu ankadziwa kufupikitsa, mwambi ndi mawu ochepa koma umatafuna chaka. Kungoti mwambi unkabwera pamapeto pa mlandu akuluakulu atamva mbali zonse tsiku lathunthu pabwalo, sunkalowa m'malo mwa kumva mlanduwo.

Chinanso chomwe chimandikhudza ndi chiyankhulo. Tikamalemba mwachidule timalemba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka mosavuta, nthabwala, madandaulo, malonda, zonse. Koma tikangoti tilembe nkhani yofotokoza chinthu mozama timathawira ku Chingerezi, ngati kuti ziyankhulo zathu nzongochezera basi. Ukasaka nkhani yaitali ya m'Chitumbuka pa intaneti, zambiri zomwe ine ndimapeza ndi za tchalitchi, ndipo tiwathokoze a mipingo poti iwo analimbikira, koma za ulimi wa khofi ku Misuku ndi ku Mphompha, za usodzi wa ku Usisya, za mmene ungayambire geni ya mpunga wa Kilombero kuchokera ku Karonga, zili kuti m'chiyankhulo chomwe mlimi ndi msodzi amayankhula? Anthu odziwa zimenezi alipo, mafoni ali nawo, amalemba tsiku lililonse, kungoti zonse zikuthera mu timauthenga tobalalika.

Nde pano ine ndimachita chonchi. Nkhani ndimalembera mu foni momwemo, pa notsi, data nditazimitsa, pang'onopang'ono, pena mu minibasi pena usiku magetsi akathima poti kulibe china chochita. Ikatha ndimayatsa data kamphindi nkuiika pa blog, zithunzi ndimachepetsa kuti isamadye bandulo ya anthu. Kenako ndimakopera nkhani yonseyo, osati linki yokha, nkuiponya pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp kuti amene ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha awerenge pomwepo osavutika, ndipo pa sitetasi ndimaika mizere iwiri yoitanira anthu. Makomenti ambiri amabwera ku Facebook ndi ku WhatsApp, ndipo wina akandikonza kapena akawonjezera mfundo yabwino ndimabwerera ku blog kuja nkukaikamo, nditamupempha kaye ngati akulola. Ndi ntchito kawiri, inde, koma sindinapeze njira ina yoti nkhani ifike kwa anthu lero komanso idzapezeke mtsogolo.

Yomwe ndikufuna kulemba tsopano ndi ya esiteti ya tung ija. Ngati kwanu kuli agogo amene anagwirako ntchito kumeneko, kapena amene anafika mu Mzuzu muno kusanakhale tauni, kaya ali ku Chiputula kaya ku Ekwendeni kaya anabwerera kumudzi ku Rumphi, afunseni ngati angalole kucheza nane, ndibwera ndekha ndi kope langa, ndipo Chitumbuka ndimamva bwinobwino, asavutike nkusintha chiyankhulo.